Kuteteza 4x4 ku dzimbiri la nyengo yachisanu ku Britain

Galimoto za 4x4 ku Britain sizifa ndi injini kawirikawiri. Hilux, Land Cruiser, Shogun, L200, Navara kapena Defender imatha kukalamba injini ikulirabe bwinobwino, koma tsiku la MOT (kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu) woyeza n'kugogoda pansi ndi kanyundo kake, chitsulo n'kubooka. Chimene chadya chitsulocho ndi mchere wa m'misewu.

Kuyambira cha kumapeto kwa Okutobala mpaka Malichi, kumpoto nthawi zina mpaka Epulo, malole omwaza mchere amatuluka usiku uliwonse umene a zanyengo anena kuti msewu uundana. Misewu ikuluikulu ya ku England imayang'aniridwa ndi National Highways, ya ku Scotland ndi Transport Scotland, ing'onoing'ono ndi makhonsolo, koma onsewa kawirikawiri amathira chinthu chimodzi: mchere wofiirira wokumbidwa pansi, wambiri wochokera ku mgodi wa Winsford ku Cheshire, wina ku Boulby ku North Yorkshire ndi ku Kilroot ku Northern Ireland. Ukasungunuka, matayala amauwaza pansi pa galimoto ponse. Madzi amchere amadya chitsulo mofulumira kuposa madzi wamba, komanso mchere umakoka chinyezi, moti pamene wakhala sipauma msanga.

Ife obadwira ku Malawi kapena ku Chipata zimenezi zimatipeza osakonzeka. Kwathu chisanu cha Juni ndi Julayi sichibwera ndi mchere pamsewu, nyanja yathu ndi ya madzi abwino, ndipo Land Cruiser yakalekale imayendabe tchasisi ili gwa. Timazolowera kuti galimoto yotsukidwa ndi imene ikuwala pamwamba. Kuno nkhani ili pansi.

Ndipo 4x4 ndiye imavutika kuposa galimoto yaing'ono. Tchasisi yake ndi zitsulo ziwiri zazitali zamphako m'kati, zolumikizidwa ndi zina zopingasa, ndipo zili ndi mabowo ambiri. Mukalowa m'matope, matopewo amalowa m'mabowomo n'kukhazikika. Ikafika nyengo yachisanu amamwa madzi amchere n'kuwasunga miyezi. Dzimbiri limayambira m'katimo n'kumatulukira kunja, monga chiswe chimachitira ndi mtanda wa denga: kunja mtengo ukuoneka wabwino, m'kati munatha kale. N'chifukwa chake pa ntchito yonseyi, kutsuka ndi kuumitsa n'kofunika kuposa dzina la mankhwala amene mugule.

Sankhani nthawi

Ntchitoyi ndi ya mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, mchere usanayambe kuthiridwa. Penti siuma bwino kukazizira kutsika pa madigiri 10, ndipo phula loteteza ku dzimbiri silimata pa chitsulo chonyowa. Yang'anani sabata imene akuti mvula ikhala yochepa. Musayembekezere kumaliza Loweruka limodzi: kutsuka kukhale tsiku lake, kupaka kubwere patapita masiku angapo.

Ngati mukuwerenga izi Disembala ali m'kati, musataye mtima. Tsukani, fufuzani malo oumira okhala ndi denga, pakani mankhwala ofewa amene ndifotokoze kutsogoloku. Za penti zidikire Epulo.

Kwezani galimoto mosamala

Galimoto zimenezi zimalemera pafupifupi matani awiri kapena kuposa. Jeke ndi wokwezera basi, si wogonera pansi pake. Imikani pa simenti yosalala, ikani mu giya, kokani handibuleki, tsekerani matayala otsala pansi ndi matabwa, kenaka khazikani galimoto pa ma axle stand (miyendo yachitsulo yochirikiza galimoto) olembedwa matani atatu kapena kuposa. Njerwa ayi, zimaphwanyika mosachenjeza. Musanalowe pansi igwedezeni ndi manja awiri muone ngati yakhazikika, ndipo pakhomo pakhale munthu wodziwa kuti muli pansi pa galimoto.

Chotsani matayala, sipeya ya pansi ngati ilipo, zitsulo zotchinga injini ndi giyabokosi, ndi mapulasitiki a m'kati mwa madigadi. Ambiri amachita ulesi pa mapulasitiki amenewa chifukwa timapini take timathyoka. Gulanitu tatsopano, n'totchipa. Kuseri kwake n'kumene mupeze dothi lonyowa lodzaza manja awiri.

Tsukani, m'kati ndi kunja

Yambani ndi makina opopera madzi mwamphamvu, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Musathamangire malo oonekera. Dothi limakhala pamwamba pa zinthu: pamwamba pa tchasisi pamene yayandikana ndi bodi, pamwamba pa thanki ya mafuta, pamene masipuling'i akhalira, kuseri kwa malabala otchinga matope, ndi m'makona amene chitsulo chopingasa chakumana ndi chachitali. Pisani dzanja mutavala magolovesi, palani ndi kamtengo. Pamene pali oyilo ndi girizi wakale thiranipo mankhwala osungunula mafuta, dikirani pang'ono, tsukani.

Madzi amphamvuwo musawalozetse pafupi pa mapulagi a magetsi, pa mabering'i a matayala, pa malabala okuta majointi, kapena pa timapaipi topumira difu ndi giyabokosi. Mukalowetsa madzi m'menemo mwayambitsa vuto lina.

Tsopano m'kati mwa tchasisi, ndipo apa ndiye pofunika kudekha. Pansi pa zitsulo zazitalizo pali mabowo otulukira madzi. Nthawi zambiri amakhala atatsekeka ndi dothi louma; atokoseni ndi waya kapena sikuludiraiva. Kenaka tengani paipi wamba ya kudimba, ilowetseni m'bowo lalikulu la kumbali, ikankhireni m'kati mpaka pamene ingafike, tsegulani madzi. Zimathandiza mbali imodzi ya galimoto ikakhala yokwererapo kuti madzi azitsetsereka. Poyamba mudzaona madzi akudontha pang'onopang'ono, akuda bii. Kenaka bowo limatseguka, n'kuyamba kutuluka phala la matope, timiyala, nthawi zina ndi zibenthu za dzimbiri zopyapyala. Musatseke madzi mpaka otulukawo ayere. Sunthirani paipi ku bowo lotsatira, bwerezani, mbali zonse ziwiri. Chitsulo chopingasa cha kumbuyo kwenikweni muchipatse nthawi yochuluka, chifukwa ndicho chimalandira zonse zimene matayala akumbuyo amaponya.

Zibenthu zikamatuluka zambiri ndiponso zokhuthala, dziwani kuti m'katimo dzimbiri lapita patali. Sungani zingapo mukamusonyeze makaniko.

Madzi amafuta asapite mu ngalande ya mumsewu, chifukwa ngalande zambiri zoterezi zimakathira mumtsinje. Ngati pansi pali pa oyilo wambiri, kutsuka koyambako kachitireni pamalo otsukira galimoto.

Umitsani

Bwezerani matayala, yendetsani galimoto theka la ola pamsewu wouma kuti mphepo ndi kutentha zichotse madzi ambiri. Ikatero ikhale masiku angapo pamalo ouma opita mphepo. Amene ali ndi kompuresa auzire mpweya m'mabowo a tchasisi. Pisani chala m'bowo la pansi: chikatuluka chonyowa, nthawi yopaka sinakwane. Phula lopakidwa pamwamba pa dothi lonyowa limatsekera chinyezicho m'kati, ndiye kuti mwawononga ndalama kuti dzimbiri lizidya mobisika.

Yezani chitsulo

Kwezaninso galimoto pa ma axle stand, chotsaninso matayala. Tengani tochi, kanyundo kakang'ono ndi sikuludiraiva. Gogodani tchasisi pang'onopang'ono kuyambira kutsogolo. Chitsulo chabwino chimalira ngwee. Chodyeka chimamveka phuu, ndipo mukakanikiza sikuludiraiva chimafewa kapena kubooka. Musachite mantha kuti muboola galimoto yanu. Chitsulo chimene chabooka ndi sikuludiraiva chinali chitatha kale.

Dzimbiri mulipeza la mitundu itatu. La pamwamba, lofiira ngati fumbi, limachoka ndi bulashi. Lotupa, lomakanganuka zibenthu, limafuna kupala mpaka mufike pa chitsulo cholimba, n'kuona kuti chatsala chokhuthala bwanji. Bowo lilibe mankhwala a m'botolo, limafuna wowotcherera.

Galimoto iliyonse ili ndi malo ake ofooka. Defender yakale, imene anasiya kupanga ku Solihull mu Januwale 2016, bodi yake yambiri ndi ya aluminiyamu, koma tchasisi ndi chipupa cha pakati pa injini ndi oyendetsa n'zachitsulo: yang'anani chopingasa cha kumbuyo, timikono totuluka m'mbali mwa tchasisi, ndi pansi popondera mapazi. Discovery 2 imadyeka tchasisi cha kumbuyo. Jimny yang'anani pansi pa buti ndi kuseri kwa magetsi akutsogolo. Pa mapikapu, malo oopsa ali pakati pa kabu ndi bodi ya katundu. Mu 2017 nyuzipepala za ku Britain zinalemba kwambiri za ma Navara D40 amene tchasisi inkathyokera pamenepo, mpaka Nissan inkawayeza kwaulere. Galimoto zobwera mwachindunji kuchokera ku Japan nazonso muziziyang'anitsitsa, chifukwa zambiri zimafika pansi pali posatetezedwa mokwanira pa mchere wa kuno.

Lamulo la MOT ndi lakuti chitsulo chonyamula katundu chikadyeka kwambiri pa mtunda wosapitirira masentimita 30 kuchokera pamene pamangidwa sasipenshoni, chiwongolero, mabuleki kapena lamba wapampando, galimoto yalephera. Choncho malo amenewo ndiwo oyambira. Yang'ananinso mapaipi a mabuleki, makamaka pamene adutsa pamwamba pa thanki ndi pamene agwidwa ndi timakilipu. Paipi yotupa kapena ya timaenje isinthidwe, osaipaka girizi kuti ibisike. Amakaniko ambiri amaikapo ya mkuwa wosakaniza ndi nikelo, imene sichita dzimbiri ngati yachitsulo. Malamba achitsulo onyamula thanki nawonso amaduka.

Mukapita kwa wowotcherera, muuzeni momveka kuti adule chodyekacho mpaka pa chitsulo chabwino, aikepo chatsopano chokhuthala mofanana, awotcherere kuzungulira konse. Chigamba chongosanjika pamwamba pa dzimbiri chimakhalitsa pang'ono, ndipo zomata za m'chitini zilibe malo pa tchasisi. Kuwotcherera kuchitike phula lisanapakidwe, chifukwa phula limayaka.

Palani, pakani penti

Valani magalasi oteteza maso ndi chophimba mphuno, chifukwa mwagona chagada ndipo zonse zikugwera pankhope. Palani ndi bulashi ya waya, kapena yomangira pa dirilo kapena pa girayinda. Cholinga si chakuti chitsulo chiwale ponseponse, koma kuti chilichonse chogwedera chichoke. Pukutani fumbi ndi mafuta.

Pa dzimbiri lotsalalo pakani mankhwala olisandutsa, monga Kurust, Jenolite kapena Hydrate 80 ya Bilt Hamber. Werengani malangizo a pa botolo, chifukwa kagwiritsidwe kake kamasiyana. Ambiri amasandutsa malo ofiirawo kukhala akuda. Akauma ikani penti yoyambira, ya zinki kapena ya epoxy, kenaka penti ya tchasisi kawiri.

Pali phula lakuda lolimba, lokhala ngati la pamsewu, limene magalaja ena amapopera pansi ponse mu ola limodzi galimoto n'kutuluka yooneka yatsopano. Ine sindilikhulupirira pa galimoto yakale. Likauma limang'ambika timing'alu, madzi amchere amalowa kuseri kwake, ndipo inu simuonanso chimene chikuchitika mpaka tsiku limene chigamba chonse chagwa ndi chitsulo chomwe. Ngati galimoto yanu inapakidwa kale zimenezi, fufuzani pamene patupa kapena pakanganuka, palani muone kuseri.

Phula: yambani m'kati

Mankhwala a ntchitoyi ali m'magulu awiri. Pali a phula, monga Waxoyl, Dinitrol, ndi Dynax ya Bilt Hamber, imene ili ndi S50 ya m'mphako ndi UB ya kunja. Palinso a mafuta a ubweya wa nkhosa, monga Lanoguard ndi Fluid Film, amene sauma kwenikweni, amayenderera okha kulowa m'ming'alu, koma amakokoloka msanga moti amafuna kubwereza chaka ndi chaka. Masiku oyamba galimoto imanunkha nkhosa, ana adzadandaula, koma fungolo limatha. Kwa munthu wogwirira ntchito pakhomo, wopanda kompuresa, a nkhosawa ndiwo osavuta. Mukasankha a phula, kunja ndimakonda loonekera m'kati kusiyana ndi lakuda, kuti chaka chamawa mudzathe kuona ngati dzimbiri layambanso.

Musanapope, kutani madisiki ndi mabuleki onse ndi majumbo apulasitiki, mangani ndi tepi. Yalani makatoni pansi, chifukwa zidzadontha, ndipo eni nyumba sadzakondwa ndi mabanga pa simenti. Injini ndi ekizozi zikhale zozizira. Waxoyl amalimba kukazizira: ikani chitini chake mu ndowa ya madzi otentha kuti asungunuke, osati pa moto.

Gulani kapaipi kakatali kofewa kokhala ndi mutu wopopera mbali zonse. Kalowetseni m'bowo la tchasisi mpaka kumapeto, yambani kupopa, muzikakoka pang'onopang'ono kubwerera. Pitani ku bowo lotsatira, muonetsetse kuti mwapopa mpaka kukumana ndi pamene munalekezera. Mukaona nkhungu ikutuluka m'mabowo ena ndiponso phula likudontha m'mabowo a pansi, ndiye kuti lafika. Chitani chimodzimodzi m'zopingasa zonse, m'zitsulo zamphako za pansi pa zitseko, m'munsi mwa zitseko kudzera m'mabowo ake otulukira madzi, m'chitseko cha kumbuyo, ndi m'mphepete mwa boneti.

Mukatha m'kati, pakani kunja: tchasisi yonse, makamaka pamwamba pake ndi m'malo owotcherera, ma akiselo, masipuling'i, mabulaketi, mapaipi a mabuleki ndi a mafuta, m'kati mwa madigadi. Kupaka mopyapyala kawiri kumaposa kuunjika kamodzi. Ekizozi, malamba a injini, matayala ndi mabuleki zisakhudzidwe. Pomaliza tokosaninso mabowo otulukira madzi, chifukwa phula limawatseka. Chotsani majumbo, bwezerani mapulasitiki ndi matayala, mangani manati bwino, ndipo yesani mabuleki pang'onopang'ono pafupi ndi nyumba musanalowe mumsewu waukulu.

Wina adzakuuzani kuti oyilo wakutha wa mu injini amagwira ntchito yomweyo kwaulere. Amafewetsa malabala, amadontha pamsewu n'kuika pangozi a njinga zamoto, ndipo amathera m'mitsinje. Kamutayeni kumalo otayira zinyalala a khonsolo.

Tinthu ting'onoting'ono totsala: pakani girizi pa mitu ya batire ndi pa waya wa ethi, tsukani ndi kupopera soketi ya ngolo, dzozani njira yotsitsira sipeya kuti isadzakanirire tsiku la pankichala. Pamene timiyala tagwaza penti pa bodi, dontheziranipo penti. Ikani mamati alabala, ndipo nthawi ndi nthawi muzitukula kapeti n'kukhudza pansi pake, chifukwa chipale chofewa chimene chimalowa ndi nsapato chimasungunukira momwemo pamodzi ndi mchere wake.

M'kati mwa nyengo yachisanu

Mchere ukayamba kuthiridwa, muzitsukuluza pansi pa galimoto sabata iliyonse kapena masabata awiri, ndiponso mukangobwera ku ulendo wautali wa pa motorway. Sankhani tsiku limene kwafundako, madzi asakaundane m'maloko ndi m'mabuleki. Madzi ozizira a m'paipi ndi okwanira. Makina amphamvu aja musawayandikize, achotsa phula lanu, ndipo sopo wosungunula mafuta asafike pansi. Mukapita kukasewera m'matope, tsukani tsiku lomwelo matope asanaume, ndipo lowetsaninso paipi m'tchasisi.

Za galaja ambiri amazimva mobwerera. Galimoto yonyowa ndi madzi amchere ikatsekeredwa m'galaja yofunda yosapita mphepo, imachita dzimbiri msanga kuposa imene yagona panja pozizira, chifukwa kufunda kumafulumizitsa dzimbiri. Itsukuluzeni kaye, kapena siyani mpata wolowera mphepo. Pa udzu kapena pa dothi musaimikepo nthawi yaitali, chinyezi chimakwera kuchokera pansi. Ngati 4x4 ndi galimoto yachiwiri imene imangokhala, muziiyendetsa tsiku louma mpaka itenthe, mukuponda mabuleki kangapo kuti madisiki ayere. Ikamakhala masabata pamalo athyathyathya, isiyeni mu giya ndi matabwa kumatayala m'malo mwa handibuleki, imene imatha kukanirira.

Cha mu Epulo, malole a mchere akasiya kuyenda, tsukani bwinobwino ngati poyamba paja, m'kati ndi kunja. Onani pamene phula lakokoloka, kawirikawiri kuseri kwa matayala ndi kutsogolo kwa ma akiselo, n'kubwerezapo.

Kwa amene akugula yotumiza kumudzi

Ambiri timagula pikapu kuno kuti ikagwire ntchito kumunda ku Kasungu kapena ku Mchinji. Musanalipire, lembani nambala ya galimotoyo pa tsamba la boma la gov.uk loonetsa mbiri ya MOT. N'zaulere, ndipo muona zaka zonse zimene oyeza anachenjeza za dzimbiri ngakhale galimoto inakhoza. Mawu akuti corroded, kutanthauza chodyeka ndi dzimbiri, akamabwera chaka ndi chaka kenaka n'kusowa mwadzidzidzi, funsani chimene chinakonzedwa ndipo muone malisiti. Pitani masana, mutenge tochi ndi katoni yogonera. Pansi pakakhala pakuda bii ndi phula latsopano pa galimoto ya zaka khumi ndi zisanu, kandani ndi sikuludiraiva wogulitsa akuona. Akakana, pitani mukaone ina.

Mukaigula, itsukeni m'kati mwa tchasisi ndi kuipaka isanakwere sitima. Mchere wa ku Cheshire umene uli m'matope a m'katimo sutha chifukwa galimoto yawoloka pa Songwe kapena pa Mwanza. Mvula ya Disembala ikayamba umanyowanso n'kupitiriza kudya. Ndipo achimwene amene akailandire kumudziko muwauze za fetereza: Urea ndi NPK zimadya chitsulo mofanana ndi mchere. Aziyala lona asanakweze matumba, akatsitsa asese ndi kutsuka bodi tsiku lomwelo, ndipo ngati m'bodimo muli chotchinga chapulasitiki, azichichotsa kamodzi pachaka n'kutsuka pansi pake.